Tisanatukwane amakaniko, titsegule kaye boneti

A Mkonzi,

Ndakhala ndikuwerenga madandaulo a eni magalimoto patsamba lino, ndipo nyimbo yake ndi imodzimodzi: amakaniko ndi akuba, amasintha chitsulo chabwinobwino, galimoto imachoka kugalaja ikudwala kuposa mmene inalowera. Sindikukana, otero alipo. Koma ndiloleni ndiyankhulepo ngati mayi amene ndimadyera galimoto yakale, chifukwa ndikuona kuti mbali ina ya mlanduwu ndi yathu eni akefe. Ambiri timayendetsa chinthu chimene sitichidziwa n'komwe. Tikafika kugalaja timangoti "ikuchita zinazake", kenaka n'kumadabwa kuti makaniko wayamba kuombeza ndi ndalama zathu.

Ine ndimakhala ku Bangwe. Geni yanga ndi ya tomato, kabichi, anyezi ndi masamba. Ndimapikula ku Bvumbwe m'mamawa n'kukaperekera m'malo odyera ku Limbe ndi m'tauni. Chondinyamulira ndi Toyota Corolla ya 1994, ija amati AE100, ya injini ya 5A-FE, magiya ake osintha ndi dzanja. Inachoka ku Japan itayenda kale, ndipo ine ndinaigula kwa munthu amene naye anaigula kwa wina. Anzanga a kumsika amandifunsa kuti bwanji osaigulitsa n'kuitanitsa ina yooneka bwino. Ndimawayankha ndi masamu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galimoto yoitanitsa kunja timalipira ndi madola, kuonjezapo ulendo wochokera ku doko la Dar es Salaam ndi msonkho wa MRA. Masipeya nawo anakwera chimodzimodzi. Ndiye kusunga Corolla imeneyi si kukonda zakale ayi, ndi nkhani ya ufa ndi fizi ya ana.

Zimene ndikudziwazi sindinaziphunzire m'kalasi. Achimwene anga anayendetsa malole njira ya ku Beira mpaka kupuma ntchito, ndipo samvetsa munthu amene amaliza galimoto m'mawa asanayang'ane oyilo ndi madzi. Zamagetsi anandionetsa ndi mnyamata wa aneba athu amene anachita za magalimoto ku Soche Technical College. Zida zanga zimakwana m'kachikwama kamodzi: masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, pulayala, ma screwdriver awiri, sipanala ya mapulagi, kamita koyezera magetsi, tochi ndi nsanza. Pa Toyota yakale, sipanala ya 10 ndi ya 12 zimamasula zambiri mwa zimene mukuziona mukatsegula boneti.

Ndiyambe ndi nkhani imene imandiwawa kwambiri, ya thermostat. Mu Blantyre muno muli chikhulupiriro chakuti kachipangizo kameneka anakapangira mayiko a chisanu, kuno kwathu n'kosafunika. Galimoto ikangowira kamodzi pamdipiti wa pa Chichiri kapena pa Ginnery Corner masana a Okutobala, mawu oyamba amene mumamva ndi akuti, "Bwana, tingochotsa thermostat, fani tiilumikize dairekiti." Bwana amavomera mosangalala poti n'zotchipa, ndipo kamuvi ka kutentha sikakweranso. Amabwerera kunyumba ali ndi mtima woti galimoto yachira.

Sinachire. Thermostat ndi kachitseko kamene kamatsekera madzi m'injini mpaka atenthe, kenaka n'kutseguka kuti azipita ku rediyeta. Pa injini ngati yangayi kamayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo nambalayo inadindidwa pa kachitsulo komweko. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha choncho, kaya ili ku Nagoya kaya ili ku Nsanje. Mukakachotsa, m'mawa wa mwezi wa Juni kapena tsiku la chiperoni mukhoza kuchoka ku Bangwe, kudutsa Chigumula mpaka kufika ku Bvumbwe injini isanatenthe bwino. Kakompyuta ka galimoto kamaona kuti injini ikadali yozizira, ndiye kamapitiriza kuthira petulo wambiri monga kamachitira mukangoliza kumene. Petulo amene munagonera naye pamzere uja akupsa pachabe, mapulagi akuda mwaye, petulo wina akutsikira mu oyilo n'kumufooketsa, zitsulo zikudyana mwakachetechete. Choipitsitsa n'chakuti chimene chinawiritsa galimoto chija chikadalipo, changobisala. Chidzatulukira tsiku limene mwadzaza anthu ndi katundu mukukwera phiri kuchokera ku Chikwawa.

Zowiritsa galimoto yakale n'zodziwika, ndipo zambiri mungazione nokha pakhomo panu. Yambani ndi chitsekerero cha rediyeta. Anthu amachiyesa chivindikiro wamba, chonsecho ntchito yake ndi kupanikiza madzi m'kati. Pamwamba pa changa palembedwa 0.9. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, motero madzi a mumphika kuno amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100, cha m'ma 96 kapena 97. Koma akapanikizidwa ndi chitsekerero chabwino amapirira mpaka kupitirira 110 osawira. Labala ya chitsekererocho ikang'ambika kapena sipuling'i yake ikafooka, madzi amawira msanga n'kumathawira kunja, inu n'kumangoonjezera tsiku ndi tsiku. Ndi chimodzi mwa zitsulo zotchipitsitsa pa injini yonse, koma ndaona anthu akugula rediyeta yathunthu asanachiyang'ane.

Kenaka fani. Pa Corolla za zaka zimenezi, mukazula waya wa pa switch ya fani kiyi ali pa ON, fani iyenera kuzungulira nthawi yomweyo. Ikazungulira, ndiye kuti mota, fyuzi ndi relay zili bwino, ndipo ngati sizungulira yokha injini ikatentha, wolakwa ndi switchyo. Ikangokhala chete, yang'anani fyuzi kaye musanathamangire kukagula mota. Zala ndi nsonga ya chitenje zikhale kutali pochita zimenezi. Rediyeta nayo imatsekeka mbali ziwiri: kunja ndi udzu, matope ndi tizilombo, m'kati ndi dzimbiri. Dzimbirilo limabwera chifukwa chothira madzi a pampopi okhaokha chaka ndi chaka. Madzi amtundu aja, obiriwira kapena ofiira, si okongoletsa, amaletsa dzimbiri. Koma ndi poizoni ndipo amatsekemera, ndiye asasungidwe m'botolo la chakumwa pamene pali ana.

Thermostat yeniyeniyo ikhoza kufa, inde, ndipo kuiyesa n'kosavuta. Imangeni ndi kachingwe, muilendewetse m'chitini chakale cha madzi pambaula. Iyenera kutseguka madziwo asanayambe kubwata. Ikakhalabe yotseka, gulani ina, osati kusiya pamalopo pali pululu. Poika yatsopano, kamsomali kogwedera kali m'mphepete mwake kaloze kumwamba kuti mpweya uzituluka. Ndipo chonde, rediyeta yotentha satsegula. Ndinaonapo kondakitala wa minibasi pa Limbe atasupuka dzanja mpaka m'chigongono chifukwa cha phuma la okwera. Dikirani mpaka paipi yapamwamba ifewe ndipo muthe kuigwira ndi dzanja.

Pali malire ake. Mukatsegula pothirira oyilo n'kupeza kunsi kwa chivindikiro ndi pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, zinthu zooneka ngati tiyi wamkaka, kapena madzi a m'rediyeta akutulutsa thovu injini ikulira, kapena utsi woyera sukutha ngakhale injini itatentha, imeneyo ndi head gasket, chotsekera cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Apo zimitsani, kaitaneni mmisiri.

Tsopano za m'mawa umene galimoto yakana kulira. Musanaitane anyamata okankha, mvetserani. Yatsani nyale zam'tsogolo n'kutembenuza kiyi. Nyale zikazilala, sitata n'kumangoti ke-ke-ke, vuto ndi batire kapena mitu yake. Nyale zikakhalabe zowala, n'kumveka kamodzi kokha kuti kha, kawirikawiri ndi sitata, ndipo nthawi zambiri si sitata yonse, ndi timkuwa tiwiri tam'kati timene timaperepeseka. Amisiri amagetsi a ku Ndirande amatisintha, ndipo mtengo wake sungayerekeze ndi wa sitata ina. Injini ikamazungulira bwinobwino koma osagwira, batire mulisiye, lilibe mlandu. Fufuzani moto wa mapulagi ndi petulo.

Batire lodzaza, galimoto itagona usiku, limaonetsa mavoti 12.6 pa kamita. Injini ikulira liyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4, kusonyeza kuti alternator ikutchaja. Kuyeza kumeneku sikutenga ngakhale nthawi yophika tiyi, koma bambo wina wa kutchalitchi kwathu anagula batire latsopano, nalonso n'kufa sabata yomweyo, chonsecho lamba wa alternator ndiye anali wakhwekhwe. Palinso mchitidwe wozula mutu wa batire injini ikulira ati poyesa alternator. Pa galimoto zakalekale za carburettor anthu ankapulumuka nazo, koma pa galimoto ya kompyuta mukhoza kuotcha chinthu chimene simudzachipeza msanga. Wina akafuna kutero pa galimoto yanu, mugwireni dzanja. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pamitu ya batire umachoka ndi soda yemwe uja wa therere, wosungunula m'madzi ofunda, ndi mswachi wakale. Pomasula yambani ndi waya wa negative, pomanga mumalizire yemweyo, kenaka pakani girisi pang'ono. Batire lotsegula likachepa madzi, thiranimo madzi a batire ogula aja, osati a pampopi, osatinso asidi.

M'nyengo ya chiperoni galimoto yanga imakonda kutsokomola m'mawa. Ndimamasula chivindikiro cha distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi, kupukuta chinyezi ndi nsanza youma, basi yalira. Mukachotsa mawaya a mapulagi chotsani mmodzimmodzi, chifukwa moto umayenda mwa dongosolo la 1-3-4-2, ndipo mukawasokoneza mudzaganiza kuti injini yafa.

Chinthu chimene mnyamata wa aneba uja anandionetsa n'kusintha kayendetsedwe kanga ndi kabokosi kakuda kamene kali m'kati mwa boneti, kolembedwa DIAGNOSIS. Anati, "Amayi, galimoto yanuyi imayankhula, kungoti simunaifunsepo." Mukatsegula kabokosiko, kunsi kwa chivindikiro kuli chithunzi cha timabowo ndi mayina ake. Tengani kawaya kakafupi, lumikizani TE1 ndi E1, ikani kiyi pa ON osaliza injini, muyang'ane kagetsi ka check engine. Kakamangophethira mofanana osapumira, kompyuta sinaone vuto. Kakaphethira kawiri, kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. 21 ndi sensa ya pa ekizozi, 41 ndi ya pa throttle, kachitseko kolowetsa mpweya m'injini, 12 ndiye kuti uthenga wa kuzungulira kwa injini sukufika kuchokera ku distributor. Mukakonza, zulani fyuzi ya EFI kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale zakale. M'kabokosi momwemo, mukalumikiza +B ndi FP kiyi ali pa ON, pampu ya petulo iyenera kumveka ikung'ung'udza kumbuyo. Onetsetsani timabowo kawiri musanalowetse waya, poti mukaphonya muotcha fyuzi.

Koma nambalayo sikutanthauza kuti thamangani mukagule sensa. Imangokulozerani njira imene muli vuto. Ine ndimanyamula ndiwo, ndipo kumene kuli ndiwo makoswe sasowa. Tsiku lina kagetsi kanaonetsa 22, ndipo nditatsatira waya ndi tochi ndinapeza khoswe atamudya pafupi kumudula. Kulumikiza ndi kukulunga tepi, nkhani inathera pomwepo. Galimoto zatsopanoko zili ndi soketi ya timabowo 16 kunsi kwa chiwongolero imene imafuna makina. Ife a zakale kawaya katikwanira, ndipo ndimadabwa kuti eni ake ambiri amalipira kuti "aiike pa kompyuta" galimoto imene ingawauze okha ulere.

Za petulo ndinenepo pang'ono, poti zaka zapitazi mizere ya pa ma filling station yatiphunzitsa makhalidwe oipa. Tazolowera kuyenda kagetsi ka mafuta kali koyaka. Pampu ya petulo imakhala m'thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Mukamayenda ndi wa pansi penipeni imatentha, imayamwa zinyalala, n'kufa nthawi isanakwane. Tazoloweranso wa m'zigubu. Sindikuweruza munthu, nanenso tomato sadikira kuti thanka ifike. Koma ngati mwakakamizika, thirani pang'ono m'botolo loonekera mudikire kamphindi: madzi amakhala pansi, petulo pamwamba. Sefani ndi nsalu yoyera pothira. Wosakaniza ndi parafini mudzamudziwa ndi kulira kwa injini pachitunda, imachita ngati muli timisomali m'kati. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba zimenezi mu 1982. Palibe choipa pamenepo, koma mapaipi a labala amene akhala pa galimoto chiyambire 1994 amauma n'kuchita ming'alu. Mukamva fungo la petulo, imani mufufuze. Galimoto zimene timaziona zitapsa m'mbali mwa msewu zina zinayamba ndi fungo limene wina analizolowera.

Oyilo ndimamuyang'ana m'mawa galimoto ili pamalo osapendekeka, zimene ku Bangwe n'zofunika kuzisaka. Ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi filter yake, chifukwa cha fumbi ndi maulendo afupiafupi. Ndimagula wa m'botolo lomata, osati wopungulira m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti wachokera m'injini ya yani. Kagetsi kofiira ka oyilo sikanena kuti "onjezerani mukafika", kamanena kuti oyilo sakuzungulira. Kakayaka muli pa Chipembere Highway, patukani muzimitse pomwepo, ngakhale akumbuyo aimbe mahutala. Utsi wa ku ekizozi nawo umanena zoona: wabuluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo pa wakudawo yambani mwaona filter ya mpweya. Ena filter ikatsekeka amangoitaya n'kumayenda popanda, ati galimoto ikupuma bwino. Ikupuma fumbi la Okutobala, ndipo fumbi ndi mchenga. Oyilo wakutha musathire m'ngalande. Zonse za m'ngalande zathu zimakathera mu Mudi ndi timitsinje tina mmene anthu akuchapa. Ine ndimasunga m'chigubu n'kukasiya kugalaja.

Matayala a kaunjika tonse timagula, tisanamizane. Koma werengani zaka zake. M'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2016. Tayala likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino koma labala yake itauma, n'kudzaphulika pa msewu wa Zalewa dzuwa lili paliwombo. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, mano akafanana nato, tayala latha. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala ka pakhomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto, osati m'mutu mwa mnyamata wopopa. Ndipo khalidwe lobwereka matayala, ma triangle ndi chozimira moto kwa mnzako pokapangitsa COF, pepala lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, n'kubweza madzulo ake, ndi kudzinamiza wekha. Pepalalo silimanga mabuleki.

Maenje a m'misewu yathu yam'makwalala amadya kwambiri kumiyendo. Kamodzi pamwezi pindani chiwongolero mpaka kumapeto, mugwade muone malabala akuda okwinyika amene ali kuseri kwa matayala am'tsogolo. Labala ikang'ambika girisi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo pakapita miyezi mumamva ka-ka-ka pokhota. Labala yokha ndi ndalama zochepa. CV joint yonse, chitsulo chimene labalayo imakuta, ndi nkhani ina. Mafyuzi nawo ali ndi mitundu pa chifukwa: yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Fyuzi ikapsa kawiri pamalo amodzi, pali waya amene akukhudza chitsulo. Kuikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'kuuza moto kuti ukapsere kwina, kuseri kwa dashibodi.

Mvula ikubwerayi ndikumbutse chimodzi. Amene tinali mu Blantyre mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy tinaona zimene madzi amachita, ndipo galimoto inali nkhani yaing'ono poyerekeza ndi miyoyo imene tinataya. Komabe ngakhale mvula wamba imadzaza malo otsika a m'misewu yathu. Injini ikayamwa madzi kudzera kolowera mpweya, madziwo sapanikizika, ndiye zitsulo zam'kati zimapindika. Galimoto ikazima pakati pa madzi, musayese kuiliza. Ikankhireni pamtunda, achotse mapulagi, madzi atuluke kaye.

Sindikunena kuti aliyense asanduke makaniko. Zilipo zimene ine sindikhudza. Mabuleki ndimangoyang'ana mafuta ake m'kabotolo, kumvetsera ngati akulira, ndi kuona ngati chopondera chikumira. Kumasula ndimasiyira odziwa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse, apo ayi amawira pamtsetse wautali phazi n'kungofika pansi. Achimwene anga tikamapita kumaliro ku Nchalo salephera kunena tikangoyamba kutsetsereka kulowera ku Thabwa: "Achemwali, giya imene mungakwerere phiri ili ndi imene mutsikire." Oyendetsa minibasi ena amatsika atachotsa giya ati kupulumutsa mafuta. Ameneyo mukamuona, tsikani pa siteji yotsatira. Timing belt, lamba wa mano amene amayendetsa ma valve a injini, nayonso ndimapereka kwa mmisiri pa makilomita 100,000. Pa 5A-FE lambayu akaduka galimoto imangozima, koma pa injini zina amapinda ma valve, ndipo mukagula galimoto yakale musakhulupirire nambala ya pa dashibodi. Sinthani, muyambe kuwerenga nokha. Chiwongolero ndi giyabokosi nazonso ndimasiyira mmisiri.

Pansi pa galimoto yoimikidwa ndi jeke yekha salowapo. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza, makamaka zathu zootcha pakhomozi. Ngati mulibe zoimikira zachitsulo, ikani chipika cholimba, mulowetsenso tayala lochotsalo kunsi, ndipo matayala otsalawo muwatsekere ndi miyala.

Ndibwerere kwa amakaniko. Ambiri mwa anyamata amene amagwira ntchito pansi pa mitengo ku Ndirande, ku Limbe ndi ku Chirimba ali ndi luso loti galimoto imene kwawo ku Japan inatayidwa kalekale iyende zaka zina khumi. Alibe mabuku, alibe makina, ndipo kasitomala amafika ndi mawu awiri ndi ndalama yosakwana, akufuna galimoto ituluke lero lomwe. Ndi ife amene timati "pangani zoti ndingofika", kenaka tikalemba kunyuzi timaiwala kuti tinanena zimenezo. Thermostat zambiri zimene zinatayidwa mu mzinda muno zinatayidwa mwini wake ataima pomwepo, akugwedeza mutu.

Makaniko wanga ndakhala naye nthawi yaitali, ndipo timamvana chifukwa cha kakope kamene kamakhala m'galimoto. Ndimalembamo tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa ndi mtengo wake. Ndikapita kwa iye sindinena kuti ikuchita zinazake. Ndimati, "Amisiri, ikumagwedera ndikaima pa maloboti injini itatentha, m'mawa sichita, mapulagi tinasintha mwezi wakuti, kagetsi sikakuonetsa kanthu." Pamenepo amadziwa poyambira, amadziwanso kuti mayi uyu sangamuuze kuti giyabokosi yatha. Ndimafunsa kuti wadziwa bwanji kuti chafa ndi chimenecho tisanagule, ndimapita naye kushopu, ndipo chitsulo chakale ndimatenga. Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso amenewa. Wokwiya ndi amene muyenera kumusiya. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa amayi anzanga amene mukuyendetsa, ndipo tachuluka masiku ano: mukangotsegula boneti m'mbali mwa msewu, abambo asanu amatulukira osadziwika kumene achokera, aliyense ndi matenda ake. Wina ati pampu, wina ati kompyuta, wina wayamba kale kumasula. Athokozeni mwaulemu, koma sipanala isachoke m'manja mwanu mpaka mutadziwa chimene akufuna kumasula ndi chifukwa chake. Sindinaonepo nati imene inakana kumasuka chifukwa choti waigwira ndi mayi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Mumatipatsa malo a zaulimi, zaumoyo ndi zamasewero m'Chichewa, koma za magalimoto zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo zimakamba za galimoto zatsopano zimene owerenga anu ambiri sadzazigula. Tipatseniko kakona kamodzi pa sabata. Aphunzitsi a ku Soche Technical kapena ku MUBAS alipo, amisiri akale a m'magalaja alipo, akhoza kumayankha mafunso a oyendetsa taxi, a minibasi ndi ife a geni m'chinenero chimene timagulira masipeya. A TEVETA nawo aganizireko maphunziro a Loweruka a eni magalimoto, olipira pang'ono, munthu abwere ndi galimoto yake yomwe. Ndipo ngati kakonako mukavomere, nkhani yoyamba ikhale ya thermostat, ituluke mu Seputembala kutentha kusanafike.

Ndine wanu,
Mayi wa geni ya ndiwo,
Bangwe, Blantyre